Nyumba za Boma mu Lusaka: Za Mizati ndi za Makono

Munthu wocokera ku Chipata, ku Petauke kapena ku Nyimba amene alowa mu Lusaka pa mseu wa Great East Road amayamba kuona nyumba za Boma asanatsike n'komwe m'basi. Atapitirira Chongwe ndi mphambano yopita ku bwalo la ndeke, amaona nyumba zotuwa za University of Zambia ziri kuseri kwa mitengo ndi maiwe. Patsogolo pang'ono pali nyumba ya misonkhano ya Mulungushi, ndipo kuseri kwa masitolo a Manda Hill, pamwamba pa citunda, pali Nyumba ya Malamulo yobvekedwa mkuwa. Zonsezi ndi nyumba za mamangidwe a makono, za zipupa zoongoka, simenti ndi magalasi, zopanda zokometsera zambiri.

Koma munthu yemweyo akatsata mseu wa Independence Avenue, kumene kuli maofesi akale a Boma, amapeza nyumba za mtundu wina. Izi ndi zotambalala, zosakwera kwambiri kumwamba, zokhala ndi makwerero, mizati ndi khomo lalikulu pakati peni-peni, ndipo mbali ya kumanja imafanana ndi ya kumanzere monga mapasa. Mitundu iwiriyi iri mu mzinda umodzi, motalikirana makilomita owerengeka cabe, ndipo amene anamanga mtundu uliwonse anafuna kuti nyumba zao zilankhule kanthu kwa anthu odutsa pa mseu.

Kodi mtundu woyenera nyumba ya Boma ndi uti? Funsoli si la akatswiri olemba mapulani okha ai. Ndalama zomangira ndi zokonzera nyumbazi zimacokera m'misonkho ya anthu onse, mlimi wa thonje wa ku Katete pamodzi ndi wogwira nchito m'migodi ya ku Kitwe, ndipo masiku ano anthu a kumidzi ali ndi mau pa masukulu ndi zipatala zimene zimangidwa kwao. Kuyenda tsiku limodzi mu Lusaka kungathe kuphunzitsa zambiri pa nkhaniyi.

MITUNDU YONSE IWIRI INAOLOKA NYANJA

Mamangidwe a mizati anayambira ku Greece ndi ku Rome zaka zoposa 2,000 zapitazo. Agiriki anali kumangira milungu yao akacisi a miyala yosema, ndipo wochuka koposa ndi Parthenon wa mu mzinda wa Athens, amene anamangidwa zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Nchito ya mzati pa kacisi wotere inali yomwe ija ya nsanamira ya pa khonde la kumudzi, ndiyo kusenza denga, koma amisiri ao anaika malamulo a kutalika ndi kunenepa kwa mzati uliwonse, ndi a mpata wosiya pakati pa mzati ndi unzake. Patapita zaka mazana ambiri, maiko a ku Ulaya anatengera mamangidwe amenewa pomanga makhoti, mabanki ndi nyumba za mafumu, cifukwa nyumba yotere imauza munthu kuti ulamuliro umene uli m'katimo ndi wakale ndiponso wosagwedezeka. Angerezi anapita nawo kulikonse kumene analamulira. Ku Pretoria katswiri wao Herbert Baker anamanga Union Buildings, zimene zinatha mu 1913, ndipo iye yemweyo anathandiza kumanga likulu la New Delhi ku India, limene linatsegulidwa mu 1931.

Mamangidwe a makono anakula ku Ulaya komweko itatha Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Cimene cinawabala ndi zipangizo zatsopano. Konkiriti yokhala ndi zitsulo m'kati ingathe kusenza denga lalikulu popanda zipupa zocindikala ndi mizati yothithikana, kotero kuti mmisiri angathe kusanja nyumba kumwamba ndi kutseka mipata ndi magalasi. Akatswiri monga Le Corbusier, wobadwira ku Switzerland, anaphunzitsa kuti kukongola kwa nyumba kuzicokera m'nchito yake ndi m'zipangizo zake, osati m'zokometsera zotengera kwa anthu akale. Maiko amene anafuna kuonetsa kuti ayamba moyo watsopano anacikonda ciphunzitsoci. India atalandira ufulu anaitana Le Corbusier kukamanga mzinda wa Chandigarh m'zaka za m'ma 1950, ndipo Brazil anatsegula likulu lake latsopano la Brasília mu 1960. Motero mitundu yonse iwiri inafika kuno ngati alendo. Palibe umene unabadwira m'mbali mwa Luangwa kapena Kafue.

PA CITUNDA CA RIDGEWAY

Lusaka anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji, ndipo anatenga dzina la mfumu Lusaaka imene inali ndi mudzi pafupi. Likulu la Northern Rhodesia linali ku Livingstone, malo otentha ndiponso a kumalire kweni-kweni kwa dziko. Mu 1931 Profesa Stanley Adshead wa ku London, amene boma la atsamunda linamuitana, analemba pulani ya likulu latsopano pakati pa dziko. Malo a pafupi ndi njanji anali acidikha, odzala madzi m'dzinja, conco maofesi a Boma anaikidwa pa citunda ca kum'mawa kwa njanji cimene cinachedwa Ridgeway. Inali nthawi imene cuma ca dziko lonse lapansi cinagwa, ndipo zambiri za m'pulaniyo sizinamangidwe. Komabe Prince George wa ku Britain anaika mwala wa maziko a nyumba ya Secretariat mu 1934, ndipo mu 1935, Bwanamkubwa ali Sir Hubert Young, Boma linasamukira ku Lusaka.

Nyumba ya Secretariat ndiyo imene lero ichedwa Cabinet Office. Wolemba pulani yake anali J. A. Hoogterp, amene anagwirapo nchito ndi Herbert Baker ku Kenya, ndipo dzanja la mphunzitsi wake limaoneka m'mazenera ondandalika mofanana ndi m'khomo la pakati limene limakoka maso a munthu ali kutali. Kum'mawa kwa mseu womwewo kuli State House, imene kale inali Government House, nyumba ya Bwanamkubwa, ya njerwa zofiira ndi mizati italiitali, yobisika m'munda waukulu wa mitengo. Pakati pa ziwirizi pali nyumba ya makhoti akulu-akulu, imene inabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1950, nayonso ya mizati ndi makwerero.

Nyumba za mtundu umenewu ziri ndi ubwino umene ngakhale munthu wodana ndi utsamunda sangaukane. Zipupa zake ndi zocindikala, denga la m'kati liri pamwamba, mazenera ndi atali ndipo amatseguka, kotero kuti m'mwezi wa October, dzuwa likamaswa mtengo, m'katimo mumakhala mozizira popanda makina. Njerwa ikagumuka, mmisiri wamba angathe kuikapo ina. Anthu a kumidzi amadziwa zimenezi pa nyumba zakale za pa boma m'maboma mwao, za makonde akulu kumene anthu amadikira kuitanidwa osapsa ndi dzuwa kapena kunyowa ndi mvula. Cabinet Office yagwira nchito kuyambira 1935 kufikira lero.

KHOMO LINALI LA YANI?

Komatu akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Makomo okongolawo sanapangidwire eni dziko. Bungwe lopanga malamulo la atsamunda, limene anthu anali kulicha Legco, linali kukumana mu Secretariat momwemo, ndipo kufikira caka ca 1948 munalibe phungu wakuda ndi mmodzi yemwe. Munthu wakuda anali kuyenda mu Lusaka ndi citupa m'thumba, ndipo m'masitolo ambiri a pa Cairo Road anali kugulira pa kazenera ka pambali. Pulani ya mzinda inapatsa azungu mapoloti akulu a mitengo ndi maluwa, pamene anchito akuda anawaika m'makomboni, kutali ndi maso a mabwana.

Wofuna kuona mbali imeneyi ya likulu la atsamunda apite ku Kabwata, pa mseu wa Burma Road. Kumeneko kwatsala tinyumba tozungulira ta udzu timene Boma linamangira amuna obwera kudzagwira nchito m'tauni, poyesa kuti akazi ndi ana ao azitsala kumudzi. Tambiri tinagumulidwa kuti pamangidwe mafulati, koma 43 tinasungidwa, ndipo kuyambira 1974 malowo ndi Kabwata Cultural Village, kumene osema ziboliboli ndi oluka madengu amagulitsa nchito za manja ao. Boma lomwe lija linamanga mizati pa Ridgeway ndilo linamanga tinyumbati, ndipo munthu amene waona malo onse awiri wamva bwino cimene mizatiyo inali kunena.

Mu 1960 kampani ya British South Africa Company inaimika patsogolo pa khoti cifanizo ca munthu wokwera pa kavalo, cokumbutsa Cecil Rhodes. Anthu anaipidwa naco, ndipo ufulu utabwera cinacotsedwa ndi kutumizidwa ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. M'caka comweco ca 1960, a Kenneth Kaunda analowa m'kanyumba kakang'ono ka nambala 394 ku Chilenje, kumene anakhala kufikira 1962 akutsogolera nkhondo ya ufulu. Kanyumbako kasungidwa kuti anthu azikaona. Kalibe mzati ndi umodzi womwe, koma mau ocokera m'menemo ndiwo anagwedeza Government House.

Pa 24 October 1964 nyumba za pa Ridgeway zinasintha eni. Bwanamkubwa wotsiriza, Sir Evelyn Hone, anacoka, ndipo a Kaunda analowa mu State House. Boma latsopano silinagumule nyumbazo, linangozitsegula. Pa 2 November 1991 a Frederick Chiluba analumbira kukhala Mtsogoleri wa dziko pa bwalo la khoti lija, khamu la anthu likuonerera, ndipo a Michael Sata analumbirira pomwepo mu September 2011. Mizati ndi yomwe ija ya atsamunda, koma anthu oima pansi pake anasintha, ndipo tanthauzo lake linasintha nawo pamodzi.

Pafupi ndi khotilo pali umboni wina wakuti nkhaniyi si yakuti zakale ndi za azungu, zamakono ndi za ufulu. Chalichi cacikulu ca Anglican ca Cathedral of the Holy Cross cinatsegulidwa mu 1962, atsamunda akali kulamulira, koma ndi ca mamangidwe a makono, ca konkiriti yosongoka kumwamba ndi mazenera atali a magalasi amawanga-mawanga amene amagwetsa kuwala kwa mitundu-mitundu pa mipando. Khoti la mizati ndi chalichi camakono zinamangidwa m'nyengo imodzi, pa citunda cimodzi. M'chalichi momwemo ndimo atsogoleri a mipingo anakumanitsa a Kaunda ndi a Chiluba mu 1991 kuti cisankho ciyende mwamtendere.

MKUWA PA MANDA HILL

Boma la ufulu linafuna nyumba zoonetsa kuti dziko layamba njira yake. Linali ndi ndalama, pakuti mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino, ndiponso simenti inalipo pafupi, ya ku fakitale ya Chilanga imene inayamba nchito mu 1951. Cosankha cake cinali mamangidwe a makono.

Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa mu 1967 pa Manda Hill, malo amene mbiri imati ndipo panali mudzi wa mfumu Lusaaka. Dzina la citundaco munthu aliyense wolankhula Cinyanja amalimva popanda womasulira. Olemba pulani anaika cipinda cokumaniramo aphungu pakati, cokwera kuposa maofesi ocizungulira, ndipo anacikuta ndi mkuwa. M'malo mobwereka cizindikiro ca Agiriki, anatenga cuma cokumbidwa ku Copperbelt ndi kuciika pamwamba pa malo opangira malamulo, kuti phungu aliyense polowa azikumbuka cimene cimadyetsa dziko ndi anthu amene amacikumba. Kubweretsa nyumbayi pa malo a mfumu ya mudzi, kutali ndi Ridgeway, kunalinso kunena kanthu.

University of Zambia inayamba kuphunzitsa mu March 1966 ndi ophunzira 312, m'nyumba za ku Ridgeway, ndipo anthu wamba m'zigawo zonse anasonkha zimene anali nazo kuti sukuluyo imangidwe. A Kaunda anaika mwala wa maziko pa Great East Road mu July caka comweco. Akatswiri Julian Elliott ndi Anthony Chitty analemba pulani ya nyumba za konkiriti yosapaka pulasitala, zolumikizana ndi makonde ndi makwerero kuti wophunzira ayende kucokera m'kalasi kupita m'nyumba ya mabuku ali pa mthunzi. Pano palibe khomo limodzi lalikulu loopsa mlendo, munthu amalowa mbali iriyonse. Ena amati nyumbazi zimaoneka ngati zosatha kumanga, ndipo ndi zoona kuti konkiriti yosapaka imada ndi mvula pakupita kwa zaka. Ena amati mphamvu yake iri pomwepo, pakuti sibisa cimene inapangidwa naco.

Nyumba ya Mulungushi iri ndi mbiri ya liwiro. Zambia atabvomera kulandira msonkhano wacitatu wa maiko osagwirizana ndi mbali iriyonse ya maiko amphamvu, umene unacitika pa 8 mpaka 10 September 1970, mu Lusaka munalibe holo yokwana alendo a maiko oposa 50. Kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, dziko la Marshal Tito, inamanga nyumbayo m'miyezi inai yokha. Mizati yosema ndi zokometsera sizikanatheka m'nthawi yocepa conco, koma zitsulo, konkiriti ndi magalasi zinatheka. Dzina lake linacokera ku thanthwe la Mulungushi pafupi ndi Kabwe, kumene cipani ca UNIP cinali kucitira misonkhano yake. Ici ndi cifukwa cimodzi cacikulu cimene maiko aang'ono anasankhira mamangidwe a makono: anafuna masukulu, zipatala ndi maofesi ambiri, ndiponso anawafuna msanga.

KUMANGA NDI KWINA, KUSAMALA NDI KWINA

Munthu akatsika ndi Independence Avenue kulowera kumadzulo amafika pa Freedom Statue, cifanizo ca mwamuna wodula maunyolo cimene cinaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Kumbuyo kwake kuli nyumba yosanja ya Government Complex. Iyi inayambidwa kuti ikhale likulu la cipani ca UNIP, koma cisankho ca 1991 cinaipeza isanathe, ndipo pambuyo pake inasanduka maofesi a maunduna. Mbali ina ya malowo inakhala Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996.

Ataoloka mlatho wa pa njanji, munthu amakumana ndi Findeco House, pa mphambano ya Independence Avenue ndi Cairo Road. Nyumbayi iri ndi nsanjika 23, kutalika kwake ndi mamita 90, ndipo inatha ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Akatswiri a ku Yugoslavia, Dušan Milenković ndi Branimir Ganović, anaipanga ngati mtengo: pakati pali thunthu la konkiriti mmene mumadutsa zikepe ndi makwerero, ndipo zipinda zimatuluka m'thunthumo monga nthambi. Kwa zaka zambiri ana a sukulu a ku Chadiza ndi ku Chama anali kuidziwa pa zithunzi ngati nyumba yaitali koposa m'dziko.

Koma pamene Findeco House inali kukwera kumwamba, cuma ca dziko cinali kutsika. Mu 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia ndipo mtengo wa mafuta unakwera, kenaka mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Apa ndipo panaonekera bvuto la nyumba zosanja. Zimadalira magetsi, zikepe, mapampu okweza madzi ndi makina oziziritsa, ndipo zambiri mwa zipangizozi ndi zogula kunja ndi ndalama zakunja. Denga lathyathyathya likapanda kumatidwa phula panthawi yake limasunga madzi a mvula ndi kuyamba kudontha. Moto ukabuka pamwamba, kuuzima ndi kobvuta. Nyumba ina yaitali ya pa Cairo Road, Society House, inapsa mu 1997 ndipo inakhala bwinja pakati pa mzinda kwa zaka zoposa 10 isanayambe kukonzedwa.

Cilala ca 2024 cinakumbutsanso anthu phunziro lomweli. Madzi atacepa pa Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. M'nyumba ya magalasi osatseguka, makina oziziritsa akaima, anthu amakhala ngati ali m'ng'anjo, ndipo nkhalamba imene ifuna ofesi ya pa nsanjika ya khumi imayenera kukwera ndi miyendo. M'nyumba ya makonde ndi mazenera otseguka, kalaliki amangotsegula zenera ndi kupitiriza nchito. Izi sizitanthauza kuti mamangidwe a makono ndi oipa. Makonde a konkiriti a pa University of Zambia nawonso amapatsa mthunzi ndi mphepo popanda magetsi. Kusiyana kweni-kweni kuli pakati pa nyumba imene wolemba pulani wake anaganizira dzuwa ndi mvula ya kuno, ndi nyumba imene anangoikopera ku dziko lozizira.

Nyumba zazikulu za m'zaka zaposacedwa, monga National Heroes Stadium ya mu 2014, nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ya mu 2021, ndi mbali yatsopano ya Mulungushi yochedwa Kenneth Kaunda Wing ya mu 2022, zinamangidwa ndi makampani a ku China, ndipo zonse ndi za zitsulo ndi magalasi. Mlendo womanga wasintha katatu, Mngerezi, wa ku Yugoslavia ndi wa ku China, koma wolipira magetsi ndi wokonza denga likadontha ndi mwini dziko.

MKANGANO SUNATHE

Ku maiko olemera nako nkhaniyi ikali yotentha. Ku United States, Pulezidenti Donald Trump analamula mu December 2020 kuti nyumba zatsopano za boma, makamaka za mu Washington, zizitsata mamangidwe a mizati. Pulezidenti Joe Biden anafafaniza lamulolo mu February 2021, ndipo a Trump atabwerera pa mpando anaikanso lamulo lofanana nalo mu 2025. Ocirikiza mizati amati anthu wamba amaikonda, ndipo munthu akaiona amadziwa msanga kuti pano ndi pa khoti, si pa fakitale. Otsutsa amati boma lisasankhire anthu cokongola, ndipo kuti m'badwo uliwonse uyenera kumanga monga mwa nzeru ndi zipangizo za nthawi yake.

Lusaka ali ndi yankho lake laling'ono pa Embassy Park, moyang'anana ndi Cabinet Office, pamene panaikidwa a Levy Mwanawasa mu 2008, a Chiluba mu 2011, a Sata mu 2014, a Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022. Ciliza ca a Mwanawasa cinamangidwa ndi zipangizo za makono, koma maonekedwe ake ndi a mpando wa miyendo inai wa kumudzi, pokumbutsa kuti anamwalira ali pa mpando. Munthu wosapita kusukulu amacimva cizindikiroco monga mmene amamvera mkuwa wa pa Manda Hill. Nyumba za Boma zimene zafika anthu pamtima mu Lusaka ndi zimene zinatenga kanthu ka pano, kaya zipupa zake ndi zanjerwa kapena zakonkiriti.

Anthu a ku Lundazi ali ndi citsanzo ca mbali inayo. Kumeneko Bwana D.C. Errol Button anayamba ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kumanga nyumba ya alendo yanjerwa yofanana ndi linga la mafumu akale a ku Ulaya. Alendo amaikonda ndi kuijambula, koma palibe mudzi wa kumeneko umene unatengerapo mamangidwe ake, cifukwa nsanja zake sizinali kuyankha cosowa ciriconse ca anthu a ku Lundazi.

ZOFUNSA POMANGA KUMUDZI

Mu 1935 munthu wa kumudzi sanafunsidwe kanthu pa nyumba za Boma, ndipo ngakhale mu 1970 mapulani anali kucokera ku Lusaka. Zinthu zinasintha pamene ndalama za citukuko za m'dera la phungu aliyense, zochedwa CDF, zinakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Makalasi, zipatala zazing'ono, nyumba zodikiriramo amai apakati ndi misika tsopano zimayambira pa zopempha za anthu m'mawodi mwao. Nyumba zimenezi ziribe mizati ya Agiriki kapena nsanjika 23, koma mafunso ake ndi omwe aja a pa Ridgeway ndi pa Cairo Road.

Pulani ikabwera pa msonkhano, mafumu, makhansala ndi a m'makomiti ayenera kuifunsa mafunso asanaombe m'manja. Kodi pali khonde lokwana amai odikira sikelo ya ana, kapena adzakhala padzuwa? Kodi malata atuluka mokwanira kuti mvula isamenye cipupa? Kodi mazenera ayang'anana kuti mphepo idutse, ndipo denga liri pamwamba mokwanira kuti ana asaodzere m'kalasi mwezi wa October? Kodi munthu wa pa njinga ya olemala ndi nkhalamba ya ndodo adzalowa pa khomo lomwe alowera ena onse? Kodi citseko, loko kapena galasi zikaonongeka, mmisiri wa pa boma angathe kuzikonza ndi zipangizo zopezeka m'sitolo ya pafupi, kapena padzafunika kudikira munthu wa ku Lusaka? Ndipo ndalama zopakira utoto ndi zokonzera denga zaka zisanu zikapita zidzacokera kuti?

Kukongola nako kusaiwalike, pakuti nyumba ya Boma yomangidwa mosasamala imauza anthu kuti Boma siliwawerengera. Cipatala ca kumudzi cingathe kukhala caulemu ndi njerwa zoocha bwino, khonde lotakata ndi mitengo ya mthunzi pabwalo, monga mmene bwalo la mfumu limakhalira laulemu pansi pa mtengo wa kacere. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Katswiri wolemba pulani amadziwa kulemera kwa simenti ndi zitsulo, koma kumene mphepo ya mvula imacokera, ndi malo amene madzi amaima m'mwezi wa February, amadziwa ndi anthu amene akhala pamalopo kuyambira kale, ndipo nthawi yonena zimenezi ndi pamene maziko asanakumbidwe.